Kufika pa Muzu wa Foni: Ufulu Wake ndi Mtengo Wake

Aliyense amene wayendapo m'misika ya m'matauni athu, kaya mumsewu wa Katondo mu Lusaka kapena ku Kapata mu Chipata, waonapo anyamata okonza mafoni atakhala pa timatebulo tawo, kompyuta iri patsogolo, zingwe ziri mbwee. Ena amasintha magalasi osweka, ena amasintha mabatire, koma pali ena amene nchito yawo siioneka ndi maso, pakuti amalowa m'kati mwa nzeru za foni. Nchito imeneyi amati kuflasha, ndipo ina yozama koposa amati kuruta. Mau awiriwa afika kale m'nyumba zathu. Mwana wa sukulu amapempha ndalama zokarutitsira foni, nanena kuti ikatero idzathamanga ngati yatsopano, ndipo kholo, poopa kuoneka lotsalira, limangopereka. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tsono, owerenga okondedwa, tifunse: kodi kuruta n'ciani, kunacokera kuti, ndipo banja lacikhristu lingapindule ciani kapena kutaya ciani nako?

Nyumba ya zipinda zambiri

Foni yamakono iri ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi imene timaigwira m'manja: galasi, batire, kamera ndi tizitsulo ting'onoting'ono ta m'kati. Yaciwiri ndi malangizo olembedwa amene amauza tizitsulo timeneti zocita, kuyambira pamene mwadina batani loyatsira kufikira pamene mwazimitsa. Malangizo amene kampani imaikamo foni isanatuluke m'fakitale, dzina lake ndi firmware. Mafoni ambiri amene ali m'matumba mwathu, monga Tecno, Itel, Infinix ndi Samsung, malangizo awo ndi a mtundu umodzi wochedwa Android.

Tingayerekeze Android ndi nyumba yaikulu ya lendi. Pulogalamu iriyonse imene mwaika m'foni imapatsidwa cipinda cakecake ndi kiyi wakewake. WhatsApp siingatsegule cipinda ca pulogalamu ya banki, ndipo masewera a ana sangasuzumire m'cipinda ca makalata anu pokhapokha mutawalola. Inu eni ake muli ngati kapitao wa nyumbayo: mumalowetsa alendi, mumacotsa amene mwatopa nawo. Komabe pali cipinda cimodzi, momwe muli mawaya ndi mipope ya nyumba yonse, cimene omanga anacikhoma natenga kiyi. Munthu amene ali ndi kiyi wa cipinda cimeneco amatsegulanso zitseko zina zonse. Mphamvu imeneyo ndiyo root, liu la Cingerezi lotanthauza muzu, ndipo kuruta ndiko kudzitengera mphamvuyo.

Dzinali ndi lakale kuposa mafoni a m'manja. Mu 1969 akatswiri a ku Bell Labs ku America, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, anayamba kupanga malangizo oyendetsera makompyuta ochedwa Unix. M'menemo zolembedwa zonse zinasanjidwa ngati mtengo wa nthambi zambiri zocokera pa muzu umodzi, ndipo woyang'anira wamkulu wa kompyuta anapatsidwa dzina lomwelo la muzu. Mu 1991 wophunzira wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, anayamba kulemba Linux motsata njira ya Unix, naipereka kuti aliyense aigwiritse nchito ndi kuikonza mwaufulu. Android inamangidwa pamwamba pa Linux. Kampani imene inaiyamba inakhazikitsidwa mu 2003, Google inaigula mu 2005, ndipo foni yoyamba ya Android, HTC Dream, inayamba kugulitsidwa mu 2008.

Foni yoyambayo inali ndi colakwika cimene cikutiphunzitsa msanga kuopsa kwa muzu. Opanga anasiya khomo lotseguka mosadziwa, kotero kuti mau aliwonse amene munthu analemba pa mabatani ake, foni inali kuwamvanso ngati lamulo la woyang'anira wamkulu. Munthu akalemba liu la Cingerezi lotanthauza kuyatsanso, ngakhale polembera mnzake uthenga, foni inali kuzima ndi kuyakanso. Google inatseka khomolo mwamsanga, koma anthu okonda kufufuza anali atalawa kale kukoma kwa kulamulira foni yonse, ndipo kuyambira pamenepo sanaleke kufunafuna makomo ena.

Mlonda wa pa cipata

Kuti timvetse mmene kuruta kumacitikira masiku ano, tiyenera kudziwa mlonda wa pa cipata ca nyumba ija. Mukayatsa foni, kapulogalamu koyamba kudzuka ndi bootloader. Nchito yake ndi kuona ngati firmware iri ndi cidindo ca kampani imene inapanga foniyo. Cidindo cikakhala coona, amalola foni kuyaka. Cikakhala cacilendo, amakana. Conco wofuna kuruta amayamba wamasula mlonda ameneyu. Makampani ena amalola zimenezi poyera, ena amafuna kuti munthu apemphe ndi kudikira masiku angapo, pamene ena amakaniratu. Huawei, mwacitsanzo, inaleka kupereka manambala omasulira mu 2018.

Pa nthawi imene mlonda amasulidwa, foni imafufuta zonse ziri m'kati: zithunzi, mauthenga ndi manambala a abale. Opanga anacita zimenezi dala, kuti wakuba asamasule cipata ndi kuwerenga zinsinsi za mwini wake. Kenaka wokonza amalumikiza foni ku kompyuta ndi cingwe, nalembamo firmware yosinthidwa m'malo mwa ija ya kampani. Ambiri amagwiritsa nchito pulogalamu yochedwa Magisk, imene John Wu wa ku Taiwan anaitulutsa mu 2016. Luso lake linadziwika kwambiri, kotero kuti mu 2021 Google yomweyo inamulemba nchito m'gulu loteteza Android. Ena sakhutira ndi kusintha pang'ono, koma amacotsa Android yonse ya kampani naikamo ina yokonzedwa ndi anthu odzipereka. Yochuka kwambiri inali CyanogenMod, imene inayamba mu 2009. Itatha kumapeto kwa 2016, nchito yake inapitirira pansi pa dzina la LineageOS.

Apa pafunika kusiyanitsa mau awiri aja. Kuflasha ndi kulemba firmware m'foni, ndipo kawirikawiri wokonza amangobwezeramo yeniyeni ya kampani pofuna kuciritsa foni imene yakana kuyaka. Kumeneko ndi kukonza wamba, ndipo cipata cimakhalabe cotseka. Kuruta ndiko kusiya cipinda camkati ciri cotseguka. Foni yotere nthawi zambiri imaonetsa cenjezo pa galasi nthawi iriyonse imene yayatsidwa, kudziwitsa mwini wake kuti mlonda sakuyang'ananso cidindo.

Cifukwa cake anthu amakufuna

Tisafulumire kuweruza kuti onse ocita zimenezi ndi anthu osokoneza. Funso lawo ndi lomveka: ngati ndagula cinthu ndi ndalama za thukuta langa, n'cifukwa ninji wogulitsa asunge kiyi wa cipinda cimodzi? Mlimi akagula njinga, palibe amene amamuletsa kusintha cheni kapena kumangirira mpando wina. Funsoli linafika ngakhale kwa osunga malamulo ku America, kumene mu 2010 anagamula kuti munthu womasula foni yake kuti aikemo mapulogalamu amene anawapeza mwacilungamo saphwanya lamulo loteteza zolemba za kampani.

Phindu loyamba ndi malo. Mafoni otsika mtengo amabwera ndi mapulogalamu ambiri amene mwini wake sanawapemphe, ena ongoonetsa malonda, ndipo sacotseka mwa njira ya masiku onse. Amadya malo, batire ndi mabandulo. Wokhala ndi mphamvu ya muzu angawacotse onse.

Phindu laciwiri ndi lalikulu koposa, ndilo kutalikitsa moyo wa foni. Kampani iriyonse imatumiza zokonza ndi zoteteza ku mafoni ake kwa zaka zowerengeka, kenaka imaleka. Google mu 2023 ndi Samsung mu 2024 analonjeza zaka 7 pa mafoni awo apamwamba, koma mafoni otsika mtengo, amene ndiwo ambiri a ife timakwanitsa, amalandira kwa nthawi yocepa kwambiri. Ikatha nthawiyo, foni imene galasi ndi kamera yake zikali bwino imayamba kukana mapulogalamu atsopano. Firmware yonga LineageOS, pa mafoni amene anthu odzipereka aja anaikonzera, ingaonjezere zaka zina pa moyo wa foni yotere.

Nkhani imeneyi imakhudza cikhulupiriro cathu. Lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anai. Ife a m'Zambia tikudziwa kumene zitsulo zimacokera. M'foni iriyonse muli kopa, citsulo comwe abale athu amakumba ku Copperbelt ndi ku North-Western, ndipo m'batire muli cobalt, amene wambiri pa dziko lonse amakumbidwa kwa anansi athu ku Congo. Papa Francisco, m'kalata yake Laudato Si' ya mu 2015, anadzudzula khalidwe logula, kugwiritsa nchito pang'ono ndi kutaya. Mnyamata amene waukitsa foni yakale ya agogo ake m'malo moiponya kudzala wacita cinthu cogwirizana ndi ciphunzitso cimeneco.

Phindu lacitatu ndi maphunziro. Akatswiri ambiri a makompyuta anayamba ndi kumasula zinthu kuti aone mmene zimayendera. Mpingo suopa cidwi cotere. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Milan amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, anadziphunzitsa zambiri za makompyuta nagwiritsa nchito luso lake kufalitsa pa intaneti mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Conco kholo likaona mwana ali ndi njala yodziwa za m'kati mwa makina, lisazimitse moto umenewo, koma liuongolere.

Mtengo wake

Komatu cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Makoma a zipinda aja sanamangidwe pongofuna kuvutitsa mwini foni. Ndiwo amaletsa pulogalamu yoipa kufika pa cuma canu. Zaka za m'mbuyomo foni inali yongolankhulirapo, koma lero ndi cikwama. M'menemo mumadutsa ndalama za Airtel Money ndi MTN MoMo, malipiro a sukulu, ndalama za cimanga cogulitsidwa ndi thandizo locokera kwa ana a m'tauni. Foni yorutidwa imafunsa mwini wake pamene pulogalamu ina yapempha mphamvu ya muzu, koma akangolola kamodzi pulogalamu yacinyengo, imeneyo ingawerenge mauthenga onse, ingaone manambala acinsinsi pamene akulembedwa, ndipo ingabisale mwakuti ngakhale kufufuta foni yonse osaicotsa.

Akuba a pa intaneti amadziwa bwino mtengo wa kiyi ameneyu, ndipo amamufunafuna usana ndi usiku. Mu 2016 kampani yofufuza za citetezo ya Check Point inaulula pulogalamu yoipa yochedwa Gooligan, imene inali kubisala m'mapulogalamu otengedwa kunja kwa sitolo ya Google. Ikalowa m'foni ya Android yakale, inali kudzitengera yokha mphamvu ya muzu, ndipo inalowerera maakaunti a Google oposa 1 miliyoni. Cimene mbala zimacivutikira cotere, si canzeru kucipereka m'manja mwa kapulogalamu kosadziwika kolonjeza kuruta foni mwa kudina kamodzi, kapena kwa munthu wa pamsika amene simudziwa kumene anatenga firmware imene akuikamo.

N'cifukwa cake mabanki ambiri safuna mafoni otere. Google inakonza njira, imene tsopano ikudziwika kuti Play Integrity, yoti pulogalamu ifunse ngati foni ikali monga inacokera ku fakitale. Yankho likakhala lakuti yasinthidwa, mapulogalamu ambiri a banki amakana kutseguka. Pali njira zobisira kusinthako, koma zimagwira lero, mawa zaleka, ndipo mwini foni amakhala pa nchito yosatha yokonzakonza.

Palinso ngozi ya pa nthawi yolemba firmware. Ikakhala ya mtundu wina wa foni, kapena cingwe cikasolotoka nchito iri pakati, foni ingafe osadzukanso. Okonza amati yasanduka njerwa, pakuti palibenso cimene ingacite koposa kupsinja mapepala. Nthawi zina imayaka, koma nambala yake ya IMEI itafufutika, ndipo siigwiranso netiweki. Makampani ambiri salandira foni yomasulidwa pa cipangano cao cokonza mwaulere. M'mafoni a Samsung muli kafyuzi kakang'ono ka citetezo ca Knox kamene kamapsa pamene firmware yacilendo yalembedwamo. Kakapsa sikabwereranso, ndipo zina zosungira zinsinsi ndi zolipirira za foniyo zimaleka kugwira nchito mpaka kalekale, ngakhale mutabwezeramo firmware ya kampani.

Pamene luso lisanduka chimo

Kufikira pano takamba za munthu amene akumasula foni yakeyake. Iye ali ndi ufulu, ndipo akalakwitsa, wodzipweteka ndi yemweyo. Nkhani imasintha pamene zipangizo zomwezo zagwiritsidwa nchito pa cinthu ca mwini.

Kuyambira mu 2015 Android iri ndi loko woteteza foni yobedwa. Munthu akaifufuta mokakamiza, imakana kugwira nchito mpaka atalowetsa akaunti ya Google ya mwini wake woyamba. Pa matebulo ena a m'misika loko ameneyu amacotsedwa ndi ndalama zocepa, popanda funso lirilonse. Zoona, pali eni ake enieni amene anaiwala mau acinsinsi, ndiponso mabanja amene atsala ndi foni ya malemu. Koma palinso mafoni otsomphoredwa m'minibasi, pa maliro, ngakhale m'chalichi momwe pa nthawi ya Misa. Wokonza amene amacotsa loko kapena kusintha nambala ya IMEI osafunsa umboni ndiye amapatsa wakuba msika, ndipo wogula foni ya mtengo wokayikitsa, mtima ukumuuza kumene yacokera, ali nawo mlandu womwewo. Lamulo lacisanu ndi ciwiri la Mulungu, loletsa kuba, limakhudza onse atatu, ndipo Mpingo umaphunzitsa kuti kulapa chimo lotere kumafuna kubweza cobedwaco kwa mwini wake.

Cimodzimodzinso mafoni ogulidwa pa ngongole, amene amadzitseka okha munthu akalephera kulipira. Kupita nayo kwa wokonza kuti acotse loko n'colinga cothawa ngongole ndiko kudya ca mwini, ngakhale mwiniyo akhale kampani yolemera. Amene zamuvuta apite akakambirane ndi amene anamukongoza.

Coipa cina cimacitika m'nyumba momwe. Pa foni yorutidwa n'kotheka kubisa pulogalamu youlula mauthenga onse ndi malo amene munthu ali. Amuna ena ndi akazi ena ansanje amacita zimenezi pa foni ya mnzao wa m'banja. Malamulo a dziko lathu okhudza milandu ya pa makompyuta amaletsa kulowa m'cipangizo ca munthu wina popanda cilolezo, koma ngakhale pakanapanda lamulo la boma, ukwati umene wafika poikirana azondi m'thumba ukudwala matenda amene pulogalamu siingacize. Mankhwala ake ndi kukhala pansi, kuitana ankhoswe, alangizi a mabanja a m'parishi kapena Bambo Mfumu. Kwa makolo ofuna kuyang'anira ana ang'onoang'ono, pali njira zoonekera monga Family Link ya Google, imene siifuna kuruta ndipo mwana amadziwa kuti iripo.

Zoyenera kucita m'banja

Foni imene mumasungiramo ndalama isarutidwe. Langizo limeneli likhale lolimba koposa kwa asungicuma a Miphakati, a makwaya ndi a mabungwe a m'parishi, cifukwa ndalama zimene zimadutsa m'foni zao ndi zopereka za amai amasiye ndi alimi osauka. Kuika cuma ca gulu pa ngozi pofuna kucotsa timapulogalamu ta malonda ndi kusasamala udindo.

Foni ikayamba kucedwa, yambani ndi njira zosaopsa. Mapulogalamu ambiri osafunika angagonekedwe m'malo osinthira zinthu a foni ngakhale sacotseka. Samutsirani zithunzi ndi mavidiyo pa memori khadi, gwiritsani nchito mapulogalamu opepuka monga Facebook Lite, ndipo batire ikatha mphamvu gulani ina. Kawirikawiri zimenezi zimakwanira.

Mwana amene akufuna kuphunzira mpatseni foni yakale yopanda SIM khadi ya ndalama, ndipo ayambe wasunga kwina zithunzi ndi manambala onse. Aphunzire kutenga firmware kwa eni ake enieni, ndi kuwerenga mpaka amvetse asanadine ciriconse. Foniyo ikasanduka njerwa, banja lataya pang'ono ndipo mwana waphunzira zambiri.

Popereka foni kwa wokonza, cotsani SIM khadi ndi memori khadi, funsani cimene akufuna kucita, ndipo nenani momveka kuti mukufuna firmware ya kampani. Pogula foni yogwirapo kale nchito, dinani *#06# kuti muone nambala ya IMEI, imene iri ndi manambala 15, ndipo muiyerekeze ndi yolembedwa pa bokosi kapena pa lisiti. Izimitseni ndi kuiyatsanso kuti muone ngati ikuonetsa cenjezo lija la cipata comasulidwa. Wogulitsa acotse akaunti yake ya Google inu mukuona, ndipo mulemberane kalata yokhala ndi nambala ya NRC yake. Wokana zimenezi wakuuzani kale zonse zimene muyenera kudziwa.

Kwa inu anyamata ndi atsikana acikatolika amene mumadyera luso limeneli, nchito yanu ndi yolemekezeka, pakuti mumapulumutsa katundu wa anthu osauka amene sangagule watsopano. Anthu amakusiyirani m'manja zithunzi za ana awo, makalata awo ndi njira za ndalama zao. Funsani lisiti kapena bokosi musanacotse loko, musatsegule zimene simunatumidwe, ndipo muuzeni kasitomala zoona za cimene adzataya foni yake ikarutidwa. Mudzataya makwacha angapo a tsiku limenelo, koma dzina labwino pamsika limabweretsa anthu kwa zaka zambiri.

Mu 1963 Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican, m'cikalata ca Inter Mirifica, unaphunzitsa kuti zipangizo zofalitsira mauthenga zingathandize kwambiri mtundu wa anthu zikagwiritsidwa nchito bwino, ndipo zingauononge zikagwiritsidwa nchito molakwa. Abusa amene anasonkhana kumeneko anali kuganiza za nyuzipepala, wailesi ndi kanema, koma ciphunzitso cao cikukwanira bwino pa kacipangizo kamene kali m'thumba mwathu lero. Mwezi uno, pa msonkhano wa Mphakati kapena pa cakudya ca madzulo, funsanani kuti ndi foni ya yani imene imasunga ndalama za banja kapena za gulu, ndani anaikonzapo, ndipo anacitamo ciani.